Mphamvu ya kwa a Dafuleni

Gudu, gudu, gudu, kwee. Gudu, gudu, gudu, kwee. Ndi mmene linkalirira gudumu la madzi la a Dafuleni, kumtsinje wa kumunsi kwa mudzi wathu. Kwee uja anali wa chitini chimodzi chopindika chimene chinkakhula mwala chikamadutsa pansi. Anthu anawauza kangapo kuti achiwongole, koma iwo anakana. Ankati chitini chimenecho ndicho chimawauza ali kumunda kuti gudumu likadali moyo, ndipo chikangokhala chete ndiye kuti kwagwa chinthu m'ngalande.

A Dafuleni tinawaika m'manda mwezi watha. Anamwalira ali nkhalamba yeniyeni, maso atachita khungu, khutu limodzi litafa kalekale. Olankhula pamaliro anati anali mlimi wa manachesi, mkhristu wosajomba kutchalitchi, munthu wosakonda milandu. Za gudumu palibe anatchula. Achinyamata sanalione, ndipo ife amene tinaliona tinangoyang'ana pansi. Ine ndinayang'ana pansi kuposa onse.

Kwathu ndi kumapiri a Neno, kumtunda kwa Lisungwi. Masiku amenewo chigayo cha dizilo chinali ku Lisungwi kokha. Mzimayi ankanyamuka ndi dengu pamutu tambala atangolira, n'kubwerako dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera ndi chitunda. Amene analibe mphamvu zoyendera ankangosinja. Agogo anga, amene anandilera makolo anga atamwalira, anali m'gulu la osinjawo, ndipo anali ndi chifuwa chosatha. Akasinja pang'ono ankatsamira munsi n'kumatsokomola mpaka misozi.

A Dafuleni anabwerera kumudzi kuchokera ku Mulanje, kumene anakhala zaka zambiri pa esiteti ya tiyi akuthira girisi m'makina oyendera madzi opanga magetsi a fakitale. Sukulu analekera koyambirira. Anabwera ndi bokosi la masipanala, dayinamo ya lole yakufa, ndi chizolowezi choima pamtsinje uliwonse n'kumauyang'ana ngati munthu amene akusankha ng'ombe pamsika. Ankaponya tsamba m'madzi n'kumalitsatira m'mbali akuwerenga mapazi. Mukawapatsa moni nthawi imeneyo ankangokweza dzanja kuti musawasokoneze.

Ngalande anaikumba okha kwa zilimwe ziwiri. Inkachoka kumtunda kumene mtsinje umapanikizika pakati pa miyala, n'kumakhota m'mbali mwa phiri mpaka pamwamba pa chigwembe. Poyeza kutsetsereka kwake ankagoneka botolo la madzi osadzaza pathabwa n'kumalisuzumira atagwada. Anthu odutsa ankafuula kuti, "A Dafuleni, msewu wa nkhanuwo utsegulidwa liti?" Iwo ankayankha kuti nkhanu zikalipira msonkho. Pamapeto pa ngalande anaika chipika chogoba ngati bwato, ndipo madzi ankagwa kuchokera m'menemo n'kumadzaza zitini zokhomedwa kuzungulira gudumu la matabwa, lotalika kuposa munthu.

Zitinizo ndizo zinabweretsa mkangano woyamba. Anazidula kumgolo wa akazi awo, a Nachisale, iwo atapita kumaliro kutsidya.

"Abambo a Esinati, mgolo wanga uli kuti?"

"Uli pantchito."

"Ntchito yake ndi yosunga madzi!"

"Ndiyetu ukusunga madzi. Tsikani mukaone. Ukusunga n'kutaya, kusunga n'kutaya."

A Nachisale anaphika ndiwo zopanda mchere sabata yathunthu. A Dafuleni ankadya osadandaula, akuuza aliyense kuti mchere umakalambitsa.

Gudumu linkakoka malamba awiri odulidwa kumatayala akale. Lamba wamkulu ankazunguza mwala wopera chimanga. Sunali wachangu ngati chigayo cha ku Lisungwi, dengu limodzi linkadya theka la m'mawa, ndipo mgaiwa wake unali wokhakhala pang'ono. Koma unali pafupi, ndipo sunkafuna dizilo. Lamba wamng'ono ankazunguza dayinamo ija, imene inkadzaza mabatire awiri akale a galimoto. Limodzi linkakhala kwa azamba a m'mudzi, lolumikizidwa ku babu la lole limene a Dafuleni analipachika padenga la chipinda chochiliramo amayi. Linalo linkayendayenda, lero kwa aphunzitsi, mawa pa wailesi ya paukwati.

Sankalandira kanthu. Lamulo lawo linali limodzi: wobwera kudzagayitsa abwere ndi mwala, akauike pakhoma lotchingira madzi kumtunda kuja, limene linkakokoloka mvula iliyonse. Mayi wobwera chimanjamanja ankamubweza, ngakhale akhale mkazi wa mphunzitsi wamkulu. Agogo anga okha ndiwo sankawafunsa. Ankati mwala wawo unafika kale dzulo. Agogo ankadziwa kuti ndi bodza, ndipo ankawasiyira mazira awiri pathabwa osanena kanthu.

Mkangano wachiwiri unali ndi mkulu wa mpingo, amene anati gudumu likuswa Sabata. A Dafuleni anafunsa ngati mkuluyo anaonapo mtsinje utaima Lamulungu kuti ukapemphere. Nkhani inakafika kwa abusa. Anagwirizana kuti Loweruka madzulo azichotsa lamba, gudumu lizingozungulira lopanda ntchito. Ankachotsadi lamba wamkulu, pamaso pa anthu, mwaulemu wonse. Wamng'ono uja ankamusiya, atamutchinga ndi mphasa. Ine ndinaona, poti ndinali munthu wokhala phee n'kumaona zinthu, ndipo sindinauze wina aliyense. Pa nkhani ya mphasa pakamwa panga panali potseka bwino.

Chimene ndiyenera kufotokoza ndi liwu lawo lija. A Dafuleni sankati chigayo, sankati magetsi, sankati batire. Zonse ankangoti mphamvu. Mvula ikachedwa ankati mphamvu yachepa. Akamapereka batire ankati tengani mphamvu, musaigwetse. Mudzi wonse unatengera. Amayi ankaima panjira ya pamwamba n'kufuula, "Mphamvu ilipo?" Iwo ankayankha ali kuchigwembe, "Ilipo, tsikani!" Mabatire a tochi ankawanyoza poyera. Ankati mphamvu yogula kusitolo imakusiya panjira tsiku limene waifunitsitsa, pamene ya mumtsinje imangofuna kuti uisesere masamba. Palibe ankamva china chilichonse m'mawu amenewo. Anali mawu a pa ufa ndi nyale basi.

Kuyambira ndili mwana ankanditcha iwe. "Iwe Fanuele, tagwira apa." "Iwe Fanuele, agogo ako agona bwanji?" Atabwerako kumene a boma anawatengera, patapita chaka ndi miyezi, ndinakumana nawo panjira ya kutchalitchi. Anali ataonda, zala ziwiri za dzanja lamanja zitauma moti sizinkapindika. Anaima, anavula chipewa, nati, "Mwadzuka bwanji, alembi?" Kuchokera tsiku limenelo mpaka imfa yawo sananditchulenso iwe. Sanandinyoze, sanandilambalale, sanakane moni wanga. Munthu wa msinkhu wa bambo anga ankandivulira chipewa ndi kunditcha inu kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo anthu osadziwa ankati a Dafuleni ndi munthu waulemu.

Ulembiwo unali wa nthambi ya chipani. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo mudzi uliwonse unali ndi tcheyamani wake ndi anyamata ake a malaya ofiira oona makhadi pamsika. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri, nditamaliza sitandade 8, ndipo ndinkalemba zooneka bwino. Atandisankha sindikanakana. Koma ndisaname: ndinakondwanso. Mwana wamasiye wopanda malume womulankhulira, kwa nthawi yoyamba ankandipatsa mpando.

Linali Loweruka m'chilimwe. Pabwalo la sukulu panali msonkhano waukulu, ndipo kunabwera mkulu wa chipani wochokera kuboma. Chimkuzamawu chimene anabwereka chinkayendera mabatire a tochi, ndipo anali atafooka, moti mawu ankatuluka ngati mbuzi ya chimfine. Tcheyamani wathu, a Kalizang'oma, anandituma kuti ndithamange kwa a Dafuleni ndikatenge batire.

Ndinawapeza ali m'ngalande, madzi akulekeza m'mawondo, akuvuula masamba.

"Iwe Fanuele, wabwera wopanda mwala?"

"Andituma a tcheyamani. Akuti muwabwereke batire. Mabatire a chimkuzamawu afooka."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mphamvu yawo yatha? Ndinawauza ine chaka chatha kuti imeneyo idzatha basi. Yathu ino siitha." Kenako anapukuta manja pakabudula n'kulankhula mofatsa. "Koma ukawapepesere. Batire lina lija lafa, silikusunganso kanthu. Latsala ndi la kwa azamba, ndipo mkazi wa Jemusi masiku ake akwana. Sindingachotse. Ukanene bwino, iwe umadziwa kulankhula ndi akuluakulu."

Ndinakwera chitunda wopanda batire. Ndinkadziwa zimene anyamata a malaya ofiira ankachita kwa munthu wochititsa manyazi tcheyamani pamaso pa alendo. Nditafika, mlendo anali atakhala kale patebulo, ndipo a Kalizang'oma anali thukuta lokhalokha.

"Batire lili kuti?"

"Akana."

"Akana? Watumidwa chinthu chimodzi, ukubwera manja lendelende? Anati chiyani? Nena mmene ananenera, iwe suiwala mawu."

Ndinanena. "Anati mphamvu yanu yatha. Anati ananena kale kuti idzatha basi. Yawo siitha."

Palibe liwu limene ndinawonjezera. Ndinangosiya ena. Sindinatchule mabatire a tochi, sindinatchule azamba, sindinatchule kupepesa.

Mlendo uja anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mphamvu ya yani yatha?" anafunsa.

Funso limenelo linali langa kuti ndiyankhe. Yankho lake linali lalifupi, ndipo linali pakamwa panga. Koma ndinaona kuti maso onse achoka pa ine, aloza kuchigwembe, ndipo thupi langa linapepuka. Ndinakhala chete.

A Kalizang'oma ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la mphamvu m'mudzi mwathu. Akazi awo omwe ankaima panjira n'kumafuula ngati ilipo. Anyamata a malaya ofiira ankadziwa, amayi awo ankagayitsa komweko. Wosadziwa anali mlendo yekha, ndipo mlendoyo anali atamva. Aliyense woyesa kufotokoza akanaoneka ngati akuikira kumbuyo munthu wonyoza boma. Ndinaona tcheyamani akutsegula pakamwa n'kutsekanso. Kenako anati, "Alembi, lembani." Anang'amba tsamba pakati pa kope. Ndinalemba mawu aja mosamala, ndi zilembo zanga zokongola zija, ndipo pansi ndinasaina dzina langa.

Lachiwiri m'mawa galimoto ya boma inafika mpaka pasukulu pamene msewu umathera. Mudzi wonse anautsitsira kugudumu. A Dafuleni anafotokoza zonse, akuseka poyamba, poganiza kuti nkhani itha akangoilongosola. Anaonetsa batire lakufa lija. Mmodzi mwa obwera ndi galimoto ananyamula mawaya n'kufunsa kuti munthu wamba wokhala pafupi ndi malire a dziko amafuniranji mawaya ndi mabatire, ngati si kulankhula ndi zigawenga za kutsidya. Pamenepo a Dafuleni anasiya kuseka. Anayang'anayang'ana m'gulu mpaka anandipeza.

"Fanuele, mwana wanga, unalipo iwe. Tawauza. Ndinkanena za chiyani?"

Gudumu linali likuzungulirabe kumbuyo kwawo. Ndinayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi: "Ine ndalemba zimene ndinamva."

Aka kanali komaliza kunditcha iwe.

Anawamanga manja ndi lamba wamng'ono uja. Analamula kuti gudumu liphwanyidwe ndi nkhwangwa, ngalande ikwiriridwe, batire la kwa azamba likachotsedwe tsiku lomwelo. Mwamuna aliyense anapatsidwa chigawo chake chokwirira. Changa chinali chapamtengo wa mkuyu, pamene ngalande inkakhota. Ndinakwirira bwino, ndikupondaponda dothi, kuti asanene kuti mlembi akuzengereza. A Nachisale sanalire. Ankangotola zitini zija chimodzichimodzi n'kumaziika m'chitenje, mwana wawo Esinati, wa msinkhu wanga, akuwathandiza.

Mkazi wa Jemusi anachira Lachinayi, poyatsa koloboyi, ndipo mwana anakhala moyo. Ndakhala ndikudzitonthoza ndi zimenezo zaka zonsezi, ngati kuti ndine ndinamupulumutsa.

Agogo sanandifunse kanthu. M'mawa mwake anatulutsa mtondo umene unali utasanduka pogona nkhuku, anautsuka, nayamba kusinja. Atatsamira munsi kuti atsokomole ndinapita kukawalandira. Anaukanirira. "Siya," anatero. "Manja akowo ndi olembera." Anasinja okha mpaka chaka chimene anamwalira.

A Dafuleni sananenepo kumene anakhala chaka chija, kapena chimene chinachitikira khutu ndi zala zawo. Bokosi la masipanala anapatsa mnyamata wokonza njinga ku Lisungwi. Anadzala manachesi kuseri kwa nyumba n'kumawasamala ngati ana, ndipo anthu anayamba kuwadziwa ndi manachesiwo. Kumtsinje sankatsikako. Liwu lija linafa m'mudzi monse. Anthu ankati batire, ankati ufa, ankati nyale. Ngakhale m'pemphero, ena ankalidumpha mofulumira ngati lotentha.

Chipani chimodzi chitatha, anthu anayamba kulankhula za amene anatengedwa. A Kalizang'oma anali atamwalira. Aphunzitsi ena anauza a Dafuleni kuti akadandaule kuboma, mwina angapatsidwe chipepeso. Iwo anati alibe nsapato zoyendera m'maofesi. Nthawi imeneyo ndi pamene ndinaganiza zopita kukanena. Ndinakonza mawu masiku atatu. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa nachesi akusadza nthambi ndi dzanja lamanzere.

"Takulandirani, alembi. Esinati, mpando wa alendo."

Ndinakhala. Ndinati, "Bambo, ndabwera za tsiku lija."

Anatembenuza mutu kuti khutu lamoyo liloze kwa ine. "Kwezani mawu, alembi. Kunoku sikumveka."

Esinati anali pakhonde akusankha nyemba. Ana awiri ankasewera pafupi. Mawu amene ndinakonza anali onong'ona, sanali okweza. Ndinangofunsa mokweza ngati nsabwe za m'masamba zawavuta chaka chino.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifotokozera za phulusa ndi fodya wonyika m'madzi, mwatsatanetsatane, osasiya kanthu. Pochoka anandipatsa manachesi asanu. Mpaka lero sindidziwa ngati sanamvedi, kapena ankafuna kuti zimene ndinanena pagulu ndizibweze pomveka. Sindinapitenso.

Litapita tsiku lachitatu chiikireni maliro, ndinatsikira kuchigwembe, koyamba m'zaka zonsezi. Njira inatsekeka ndi tsekera, ndinachita kudutsa m'munda mwa anthu. Mtsinje ulipo, wocheperapo, poti mitengo ya kumtunda inatha ndi makala. Pamene panali gudumu patsala zipilala ziwiri za miyala, china chitagwa, chinacho chitamera chitedze. Mwala wopera uja uli chagada m'matope, wosweka pakati, ndipo amayi amachapirapo zovala. Khoma la kumtunda linabalalika, miyala imene amayi ankasenza umodziumodzi yangoti mbwee mumtsinje, yosasiyana ndi ina. Ngalande siioneka n'komwe. Pena padutsa mizere ya chimanga, pena pamera nsungwi. Mkuyu anaudula, chatsala chitsa. Pamalo ponse pamangomveka madzi, akudutsa osagwira kanthu.

Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali a Esinati, atavalabe mpango wa maliro, khasu lili paphewa. Tonse ndife okalamba tsopano.

"Ndinakuonani mukutsika," anatero.

"Ndimangoona malo."

"Eya." Anayang'ana zipilala zija. "Bambo sanakutchulenipo dzina kunyumba n'kamodzi komwe, mudziwe. Amayi ndiwo ankakutchulani. Tsiku lililonse."

Analoza kumtunda n'kupitiriza.

"Adzukulu a bambo akufuna kutsegulanso mphamvu ija. Aona pa foni kuti kwina anthu akuyatsa midzi ndi timitsinje tochepa kuposa aka. Dayinamo akuti aipeza. Koma ngalande sakudziwa pamene inkadutsa, ndipo akakumba mongoganiza madzi sayenda. Afunsa mudzi wonse. Ena anamwalira, ena akuti anaiwala."

"Papita nthawi, mayi."

"Inu simunaiwale. Munakwirira nawo." Anatsitsa khasu paphewa. "Abwera Loweruka. Adzapeze mutalemba mzere wake pansi, kuyambira kumiyala mpaka pano. Akakufunsani chifukwa chake inakwiriridwa, muwauze nokha. Ine sindiwauza. Ndipo mudzakweze mawu, ndi ana ambiri."

Anandipatsa khasulo, mpini wake uli wofunda, natembenuka kukwera chitunda.